Mwana Wonenepa Amene Ndinatumiza ku Namwera

Inu amene mukandiona ndikudutsa pa njinga mumati, "A Foto aja, diso ali nalo," takhalani pansi ndikuuzeni za diso limeneli.

Inali nthawi ya nkhondo ija, anthu atawasonkhanitsa m'midzi ya mizeremizere, ena atathawira ku Malawi. Ine ntchito yojambula sanandiphunzitse munthu ayi. Makina ojambulira ndinasinthanitsa ndi wailesi kwa mmwenye wina wa loja, sitolo ya ku Cuamba, ndipo ndinawononga marolo atatu a filimu ndisanatulutse munthu wokhala ndi mutu wake. Kuchokera apo ndinasanduka munthu wa panjira, lero Cuamba, mkuja Mandimba, kenako kukwera zitunda za ku Ngauma, ndipo musandimvere chisoni, ndinkasangalala zedi.

Koma chimene chinanditchukitsa si makina, ndi kadiresi. Kadiresi koyera ka timaluwa m'mphepete, ndi kachipewa kake komangira pachibwano, ndi timasokosi. Kamodzi kokha! Mwana wamwamuna, wamkazi, wa Akhristu, wa Asilamu, onse ankalowa m'menemo, wina akatuluka wina n'kulowa kadakali kofunda.

Malo ojambulira ndinalinso nawo. Pafupi ndi Itepela panali nyumba ya mzungu wina wolima fodya amene anaisiya atangomva mfuti zalira kawiri. Zitseko anthu anali atazula, denga la kuchipinda litagwa, mbuzi zikugona m'bafa, koma khonde lake, abale! Masitepe atatu, mizati iwiri, khoma losalala. Mwana akakhala pamenepo ankaoneka ngati bambo ake ndi dotolo.

Loweruka lina m'mawa kunabwera amayi asanu ndi anayi, aliyense ndi khanda kumsana. Mmodzi anali mayi Rozalina. Amuna awo, bambo Tome, anapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Namwera mimba ili ya miyezi isanu, ndipo mwana wawo woyamba, Andreya, anali asanamuonepo.

"Bambo a Foto," anatero mayi Rozalina, "uyu mumujambule bwino. Chithunzichi chikupita kwa bambo ake."

Ine pofuna kuonetsa ukatswiri ndinalamula kuti, "Chotsani mikanda, chotsani tizingwe ta m'manja, timendulo ta m'khosi, zonse! Chithunzi chachizungu sichifuna zimenezi." Abiti Saidi, mayi wamtali wosaopa munthu, anamasula kachingwe ka mwana wawo akung'ung'udza kuti, "Akangoyetsemula ndikupezani." Mayi aliyense ndinkamugwaditsa kuseri kwa mpando kuti agwire mwana m'chiuno, ine n'kumufunditsa bulangete langa kuti asaoneke ngakhale chala. Kenako tche! Wina. Tche! Wina. Kulemba mayina? Ine? Munthu wa diso?

Ndinakatsukitsa rolo ku Cuamba, ndipo nditatsegula envulopu thukuta linayambira kumapazi. Munali mwana mmodzi kasanu ndi kanayi. Diresi lomwelo, chipewa chomwecho chitaphimba makutu, mizati yomweyo, maso onse ali tong'o kudabwa makina anga.

Pobwerera, ndikumwa madzi pamsika wa Mandimba, ndinamva dzanja paphewa. Anali bambo Jaime, mng'ono wake wa Tome.

"Mwandipulumutsa, a Foto! Ndikuwoloka lero lomwe kupita ku Namwera. Chithunzi cha mwana wa achimwene chili kuti?"

Munthu wanzeru akanati chiyani? Akanati dikirani ndikafunse mayi ake. Koma ine ndinayala zithunzi pachishalo cha njinga, n'kutsinzina diso limodzi ngati sing'anga, ndikuganiza kuti munthu amene ali kutali, akuvutika ndi fodya wa eni ake, ayenera kusangalatsidwa. Ndinasankha wonenepa kuposa onse, wa masaya ngati mabanzi.

"Uyu," ndinatero, mawu osanjenjemera n'komwe.

Nditafika kumudzi amayi anandizinga ndisanatsike njinga. Ndinayesa kugawa ndekha, koma anangondilanda envulopu. Inu, sipanathe mphindi! "Uyu wanga, taonani chala chachikuluchi." "Uyu wanga, kansidze aka n'ka agogo ake." Zimene ine ndinazipenya masiku atatu osaona kanthu, iwo ankangotola ngati akutola nkhuku zawo pakati pa za eni. Ndiye ndinamva mayi Rozalina akuti, "Andreya wanga uyu! Mwamujambula bwino, bambo."

Mtima unangoti phwii.

Amene anatsala chiimire manja ali lende anali Abiti Saidi.

"Nanga Amina wanga?"

"Amina ali pa ulendo pang'ono, mayi."

"Ulendo wa kuti?"

"Wa ku Malawi."

"Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi? Wopanda ndi giya yomwe, chiphaso cha paulendo? Asilikali akamufunsa ayankha chiyani?"

Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi, ine ndili chilili ndi njinga yanga ngati mbuzi yogulitsa. Ndinalonjeza kuti Amina ndimujambulanso, mikanda yake ili m'thupi, ndipo za ku Namwera ndikonza sabata yomweyo.

Kukonza kwake? Ndinapatsa chithunzi chenicheni mayi wina wogulitsa mchere amene ankawoloka kawirikawiri, koma chifukwa cha manyazi sindinanene kuti choyamba chija chinali cholakwika. Ndinangoti, "Mukawauze kuti ichi n'chatsopano." Patapita masiku chinabwerera chili m'pepala lomwelo, ndi uthenga wakuti, "A Foto asandipusitse. Wanga ndamukhoma kale pakhoma, mphuno ndi yanga, masaya ndi a malemu mayi anga. Wowondayu akampatse mwini wake."

Apa mayi Rozalina kuseka kunatha. Anandipeza ndikupopa njinga.

"Munthu akukana mwana wake chifukwa cha inu. Mawa tinyamuka, mukanene nokha ndi pakamwa panupo."

Tinayenda masiku awiri, kulambalala misewu ya asilikali, kudzera m'tinjira ta m'minda, iwo patsogolo ndi Andreya kumsana, ine pambuyo ndikukankha njinga yodzaza mitolo yawo. Njira yonse ndinkaloweza mawu ngati katekisimu: bambo Tome, ndinalakwa ndine, bambo Tome, mwana wapakhomayo ndi wamkazi, dzina lake Amina.

Tinawapeza atangoweruka. Kanyumba kakang'ono, ndipo pakhoma, moyang'anana ndi chitseko, Amina ali phee m'kafelemu ka bango kolukidwa bwino. Anzawo a pantchito anadzaza pakhomo kudzaona chimphona chimene ankachimva tsiku ndi tsiku. Mayi Rozalina anamasula nsalu n'kupereka mwana.

Bambo Tome anayang'ana Andreya. Anayang'ana pakhoma. Anayang'ananso Andreya. Ine ndinakonza kukhosi.

"Bambo Tome, nkhani ndi yakuti…"

Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Misozi inali italengeza m'maso mwawo.

"Ndiye chachiwiri chija chinali choona? Rozalina, nkhondo imeneyi! Mwana wanga wawonda chonchi?"

Anamukumbatira pachifuwa, akumununkhiza pamutu, uku akukuwira m'bale wake kuti, "Jaime, thamanga kusitolo, mkaka wam'chitini! Gwiranso nkhuku ija, mayi ake adye!" Anzawo aja ankangopukusa mitu, wina n'kumati, "Koma mphuno ndi yomwe ija." Andreya, amene sanadwalepo ngakhale chimfine, anagwira ndevu za bambo ake n'kuyamba kuzikoka.

Kenako bambo Tome anatembenukira kwa ine.

"Pepani a Foto, ndinakudulani. Mumati nkhani ndi yotani?"

Ndinayang'ana mayi Rozalina. Mmene anandiyang'anira ndinamva bwinobwino kuti ndikangotsegula pakamwa, njinga yanga ibwerera yokha ku Ngauma.

"Ndimati nkhani ndi yakuti ana amasintha, bambo."

Nkhuku ija ndinadya nawo, ntchafu yathunthu, Amina akundiyang'ana kuchokera pakhoma mpaka ndinamaliza.

Kuyambira tsiku limenelo khanda ndimalijambula lili pamiyendo pa mayi ake, nkhope ya mayiyo ikuoneka bwino. Ndipo zosankhira mwamuna mnzanga mwana, ngakhale atandigwadira pamsika, ine ayi, akafunse amene anabereka.