Nyimbo Yopanda Wothawa

Usiku watha ndinalota zoti mukazimva, a Malizani, mundisiya mutu mutameta theka. Zimitsani kaye makinawo. Paja mukudziwa kuti Loweruka Tiyanjane, mwana wanga mmodzi yekhayo, akukwatiwa. Dzulo anandiuza maso ali gwa kuti, "Ababa, gitala isatuluke m'nyumba. Nyimbo zanu za kantirizo zonse mkazi amathawa. Mukufuna kundilodzera ukwati?" Zinandipweteka, sindibisa, ndipo ndinagona nazo.

Ndiye ndikuona ndili pa depoti ku Limbe, ndavala chipewa chachikulu ngati lichero, ndikukwera basi yopita ku Amereka. Kondakitala sakufuna tikiti, akuti aliyense alire kaye. Ine ndalira pang'ono, wandipatsa mpando wa pa injini. Pambali panga pakhala banjo, yapinda miyendo, ikudya chinangwa chowotcha.

"Ulendo wakuti, mayi?" ndafunsa.

"Kukaona mwana," yayankha. "Ine kwathu n'kuno ku Afirika. Ndinawoloka nyanja ndi akapolo ndili chipanda ndi chikopa basi. Kumapiri a kumeneko ndinakwatiwa ndi vayolini wa ku Ulaya, mwana wathu ndiye kantiri wanuyo. Kungoti pa chithunzi cha banja anandidula."

Mwadzidzidzi basi yaima pa chipata. Bwana wa pamenepo, suti yosita bwino, wandifunsa chomwe ndadzera.

"Kantiri, bwana."

"Kantini tatseka, tiyi watha."

Ndikuti ndifotokoze, khosi lake likungotalika, likufiira, mpaka munthu wasanduka nkhukundembo, n'kudinda pasipoti yanga ndi mlomo.

Ndiye ndadutsa, ndapezeka m'kati mwa wailesi ya mabatire ija ya malemu bambo anga, yomwe tinkamverera nyimbozi Lamlungu. M'katimo muli khola lalikulu, ndipo amuna oimba akhala pamzere potsata zaka. Akale kwambiri avala maovolosi, mawu akuwathyola pakhosi ngati akuitana ng'ombe kutsidya. Owatsatira avala majekete onyezimira, akununkha mowa wadzana. Kenako aja a mawu ofewa omwe amayi athu ankaleka nawo kusesa. Kumapeto kuli achinyamata, ndevu zolambula bwino ngati mwawameta ndinu. Onsewo, amuna akuluakulu, akulira.

Ndagwada. "Azibambo, ndithandizeni. Ndikufuna nyimbo imodzi yokha yomwe munthu sachoka."



"Mkazi akatsala, galu amafa," watero wa jekete.

"Galu akatsala, sitima imanyamuka," watero wa ovolosi. "Mwanawe, tinayesa. Munthu akakhala pakhomo, ife timasowa choimba."

Mwadzidzidzi atulukira a Mpinganjira, apampando a komiti ya ukwati, akuti, "Ndamva kuti muno muli gitala yoletsedwa." Asanamalize amera nyanga, tayi ili m'khosi, asanduka tonde, ayamba kudya nsambo za gitala yanga imodziimodzi ngati zitheba. Ndikukoka, iwo akukoka, yatsala imodzi. Apa mtima unandithera, anzanga. Ndinaona kuti mwana wanga akwatiwa ine nditangokhala pa mpando ngati mlendo.

Ndiye banjo ija yandikodola.

"Inu abambo, Loweruka palibe wochoka pakhomo panu?"

Ndisanayankhe, yapitiriza.

"Mwana wanu sakupita ku Mzuzu ndi mwamuna wake? Imbani yomweyo. Kusiyana kwake, uyu sakuthawa. Mukumuperekeza."

Ndinagwira nsambo imodziyo n'kuyamba. Ndinaimba za tsiku lomwe ndinamunyamula pa njinga kupita naye ku sukulu, akulira, atandigwira malaya. Ndinaimba kuti apite bwino, chitseko sindidzakhoma. Amuna aja avula zipewa, ng'ombe za m'kholamo zikuvomera ndi besi, a Mpinganjira akuomba ziboda, gogogo, gogogo, osaleka.

Ndinadzidzimuka. Anali Tiyanjane akugogoda chitseko ndi mtengo wa tsache, kunja kutayera kale.

"Ababa, mumaimba kutulo. Nyumba yonse sinagone."

"Pepa, mwana wanga."

Ndinamva akufwenthera.

"Vesi yachiwiri ija mudzaimbe tikatha kudula keke. Koma imodzi yokha, ababa."

Tsono vuto ndi ili, a Malizani. Ine vesi yachiwiriyo sindikuikumbuka olo liwu limodzi. Iye ndiye waisunga yonse, akuti madzulo ano andiphunzitsa.