Ndinamwa gawo la makoswe

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti ku Jenala konse akuiseka kale, bola muimve kwa mwiniwakene.

Ine ndine mkamwini. Tinatha zaka zitatu m'banja popanda mwana. Apongozi anga sankanena kanthu, ankangoti mbuzi ikaswa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kupumira m'mwamba. Zinkandiwawa zedi.

Ndiye kunabwera mlamu wanga Esinati, mng'ono wa mkazi wanga, amene akuphunzira sayansi ku yunivesite. Anathyola masamba a chammwamba, n'kuwawiritsa, madzi ake n'kuthira m'botolo.

"Alamu, mwayamba using'anga?" ndinamufunsa.

"Ndi research, alamu. Madzi amenewa timapangira tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ma nanoparticles. Timapatsa makoswe aamuna a mu labu, kenako timayeza mphamvu zawo zobereka."

Mphamvu zobereka! Zina zonse sindinamvenso. Khoswe, amene amaswana ngakhale m'nkhokwe yopanda chimanga, akumuwonjezeranso mphamvu, ine munthu wobatizidwa ndili pompano?

Onse atapita kumunda kokathyola nandolo, ndinalowa m'nyumba n'kugugudiza theka la botolo lija. Kuwawa kwake! Ndinadzazamo madzi a pamjigo kuti asazindikire.

Masana azimayi anakhala pamphasa n'kumatong'ola nandolo. Ine ndinali chapatali pansi pa mtengo wa mango, monga mkamwini waulemu, ndikukonza njinga. Ndinamva mkazi wanga akufunsa Esinati kuti, "Ndiye makoswe akowo amaswana kwambiri?"

"Ayi achemwali, ifetu tikufufuza kuopsa kwake. Amene tinawapatsa dozi yaikulu mbewu yawo inachepa. Ena ziwalo zinachita kufota."

Sipanala inagwa m'manja. Sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji, ndinangopezeka ndagwada pamphasa, bondo langa litagundana ndi la apongozi, munthu amene timapatukirana panjira.

"Alamu, theka la botolo ndi dozi yaikulu kapena yaing'ono?"

"Kwa khoswe?"

"Kwa munthu! Munthu wa msinkhu ngati wangawu!"

Ndinaulula zonse, mpaka za madzi a pamjigo zomwe.

"Itanani kabaza, tithamangire kuchipatala zisanafote!" ndinakuwa, thukuta lili kamukamu.

Apongozi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Ndinkayesa akundilirira, koma mapewa okhawo ankagwedezeka ndi kuseka.

Esinati anaseka mpaka kugona chammbali. "Alamu, mwamwa madzi a masamba basi! Ma nanoparticles timakapangira ku labu. Chomwe mwapha apa ndi sampulo yanga."

Mtima unakhala pansi, koma manyazi ake ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Apongozi anatsokomola, n'kuyankhula akuyang'ana mwana wawo, poti ine sangandiyang'ane.

"Iwe, auze bambowa, asanatimalizire mitengo pamudzi pano."

Mkazi wanga anapukuta misozi ya chiseko. "Inu, ndimadikira mwezi wachitatu ukwane kuti ndikuuzeni bwinobwino. Ndili ndi pakati."

Munthu wanzeru akanangothokoza Mulungu n'kukhala chete. Ine ndinadumpha, manja m'mwamba.

"Mwaona! Agwira ntchito!"

"Eya alamu," anatero Esinati, "ndi amphamvudi. Mwamwa m'mawa uno, mimba yake ya miyezi iwiri!"

Mwamuna mnzanga, usanalimbirane botolo ndi khoswe, yamba wacheza ndi mkazi wako.