Kujambula Mtsuko wa Malemu Amayi

Lolemba
Mtsuko wa malemu amayi ukuchoka Lamulungu. Mlongo wanga Esinati akubwera kudzautenga kupita nawo kwa Ndamera, akuti ziwiya n'za mwana wamkazi. Ine changa palibe. Ndiye ndiujambule basi, nditsaleko ndi chithunzi. Pepala lilipo, pensulo ilipo, luso ndi lomwe lija la ku pulayimale.

Lachiwiri
Ndauika pamphasa pakhonde, pambali pake chipanda ndi lichero. Kukongola kwake! Mimba yada ndi ukalamba, mlomo wogumuka pang'ono, m'khosi mukuonekabe momwe munkadutsa zala za amayi pouumba. Ndikungouyang'ana, pensulo osayenda. Thukuta ladonthera papepala.

Lachitatu
Mkazi wanga walanda lichero kukapetera mapira. "Zithunzi sitidya," akutero. Zomwe zaoneka papepala lero: mzere umodzi wokhota, ndi ntchentche yomwe ndaiphera pomwepo.

Lachinayi
Kalanga ine! Mudzi wonse wamva kuti ndayamba kuombeza. Inde, munthu wamkulu pamphasa, lichero apa, chipanda apo, maso pamtsuko, ali duu. A Nyakhuwa oyandikana nafe abwera ndi nkhuku m'khwapa. "Baba, mundionereko mbuzi yanga, yasowa dzana." Ndawauza kuti akayang'ane kudimba komwe mbuzi zonse zimakaba, ine andisiye.

Lachisanu
Mbuzi yapezeka kudimba. Zavuta. Pakhonde padzaza: wodwala dzino, wobedwa ukonde, mtsikana wofuna banja. Aliyense akusuzumira mumtsuko. Ndawaonetsa pepala kuti amvetse, wa ukonde uja akuti, "Nanga dzunguli likutanthauzanji?" Dzungu! Mtima wandiwawa zedi.

Loweruka
Akulu a mpingo afika awiri, nkhope zili ndwii. Mkazi wanga akulira kuseri, akuti ndamuchititsa manyazi. Ndafotokoza kuti ndi chithunzi chabe. Pepala alitembenuza uku ndi uku, mtsuko osauona. Apemphera, alitenga kuti akaliwotche. Asanapite amwa madzi a mumtsuko womwewo, akuti amazizira bwino.

Lamulungu
Esinati wafika m'mamawa, wakulunga mtsuko m'chitenje, wakwera kabaza. "Takhuta, achimwene." Kuthokoza kwake n'komweko basi.

Kutchalitchi sindipita. Ndakhala pansi m'nyumba, pakona pomwe mtsuko wakhala zaka zonsezi, pomwenso ndimaubwezera usiku uliwonse. Patsala chidindo chonyowa padothi, chozungulira bwino kuposa chilichonse chomwe dzanja langa lalemba sabata ino. Amayi ndawasowa. Ndikuchiyang'anitsitsa, chifukwa ndi kutentha kwa kuno sichifika masana.