Mwala Wokanyirapo Mandasi

Lolemba

Tebulo lagwa. Lagwa ndili mkati mokanya, mwendo umodzi wangoti tswa, fulawa yense pansi khuthu! Nkhuku za mayi a Dolika, a nyumba yoyandikana nafe, zafika msanga kuposa mwamuna wanga.

Chiswe. Miyezi itatu ndikuwauza bambo a Tiyamike kuti chiswe chikudya tebulo la m'khitchini ya panja. Yankho lawo limodzi: "Ndiliona Loweruka." Lero aima pakhomo ndi kapu ya tiyi, akuti, "Koma linali lolimba tebulo limeneli." Ndikanatsegula pakamwa bwenzi pano tili kwa ankhoswe.

Ndipo lasankha sabata yake! Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mwana wa Mayi Gondwe, mandasi ndi samusa zonse andipatsa ine. Mayi Gondwe ndi amene amayendetsa kantini ya pasukulu ya kumtundaku. Anandiuza okha pakamwa pawo: "Mukandisangalatsa, mandasi a kukantini muzibweretsa ndinu." Ndiye kuti basi, kutsanzikana nalo dzuwa la pasiteji ya Biwi, kutsanzikana nawo makondakitala odya mandasi atatu n'kulumbira kuti adya awiri. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pasiteji paja. Ndatopa ine.

Za matabwa sindifunanso kumva. Ndikufuna mwala. Ndinauona ku Area 10 kumene amagwira ntchito mng'ono wanga: wakuda, wosalala, wozizira, akuti giranaiti. Chiswe chibwere chidzaguluke mano.

Zofunika:
mwala
njerwa za zipilala ziwiri
simenti theka la thumba
a Sikelo, mmisiri, akakhala kuti sanamwe
mwamuna wina, koma izi n'zosafulumira

Lachiwiri

Wapansi mpaka ku Old Town. Masitolo asanu!

Yoyamba: sadziwa kuti giranaiti n'chiyani, akufuna andigulitse thabwa la fomaika.
Yachiwiri: "Ndi za kunyumba kwa abwana anu?" Abwana anga ndani? Pachipumi panga palembedwa kuti wantchito?
Yachitatu: ulipo, koma pachithunzi. Uchokera ku Joni, ufika pakatha miyezi iwiri. Atatchula mtengo ndafunsa ngati akugulitsa ndi sitolo yomwe. Sanaseke.
Ziwiri zinazo sindilemba, magazi angandikwere.

Chibwerereni matipate chilichonse chakwera kupatula mandasi. Fulawa wakwera, mafuta akwera, mpaka mwala, chinthu chimene Mulungu anangomwaza paliponse! Phiri la Ngwenya lili apo, miyala yokhayokha, ine ndiziitanitsa wa ku Joni?

Patapata wandidukira pamlatho. Ndafika kunyumba ndikukoka mwendo, fumbi mpaka m'mawondo.

Bambo a Tiyamike: "Kuseriku kuli chitseko chakale chija, tingogoneka chimenecho." Chitseko chimene tinachotsa kubafa! Mandasi a chinkhoswe cha Mayi Gondwe pachitseko cha kubafa! Lero adya mpiru wopanda tomato.

Lachitatu

A Sikelo abwera kudzamanga zipilala. Ali bwinobwino, fungo lokha ndiye la dzulo. Amva nkhani yanga, akuseka. "Mayi, mwala umenewo mukuusaka kutali. Pitani kwa osema ziliza, kuseri kwa okhoma mabokosi kuja."

Poyamba ndawalalatira. Kenaka ndavala nsapato.

Ulipodi! Giranaiti yemweyo, wakuda bii, miyala ili ndandanda. Mkulu wa pamenepo, fumbi mpaka m'nsidze, wanditengera kuseri. Mwala umodzi watsamira khoma, kutalika kwake ndendende tebulo langa lija. Mbali imodzi yalembedwa kale. Akuti, "Eni ake anaukana, akuti mtanda unapendekeka. Kumanda sunafikeko uwu, mayi, ndi mwala chabe." Mtengo wake, ndalama yanga ya chipereganyu yakwana, yatsalako ya simenti.

Ndaganiza msangamsanga. Malembo ayang'ane pansi, simenti igwire, adzadziwa ndani? Mwala ndi mwala. Dzinalo sindinaliwerenge n'komwe, si m'bale wanga.

Wabwera pangolo yokankha, wokutidwa ndi masaka ndi chitenje changa chakale, amuna anayi thukuta lili kamukamu. Mayi a Dolika, amene nawonso amakazinga timandasi tawo tomwa mafuta, khosi lili pamwamba pa mpanda: "Mwagula chiyani anzathu?" Ndati galasi. Aziganiza galasi lomwelo, asagone.

Lachinayi



M'mawa ndawauza a Sikelo momveka bwino: malembo pansi. Kawiri ndanena. Ndapita kwa Mayi Gondwe kukatenga fulawa ndi mafuta a chinkhoswe. Pobwera ndapeza ntchito yatha, a Sikelo akutsuka zida, akuimba kamluzu. Mwala uli pazipilala, ukuwala, ndipo ukundiuza kuti:

WYSON MHONE
MZIMU WANU UUSE MUMTENDERE

Pamwamba pake mtanda. Wosapendekeka n'komwe mtandawo, woongoka bwinobwino!

Ndakuwa. A Sikelo osatekeseka: "Mayi, kosalala ndi kolembedwaku. Kunsiku sanapaleko. Mukanakanyira kumeneko anthu akanatafuna mchenga." Ndapisa dzanja pansi pake. Kokhakhala ngati msewu wa ku Chinsapo. Akunena zoona, ndipo n'chimene chikundipsetsa mtima kwambiri. Ndati gumulani. Akuti akagumula lero zipilala zigwa zonse, simenti ina palibe, ndipo Loweruka ndi mkuja.

Bambo a Tiyamike pobwera kuntchito asuzumira m'khitchini, avula chipewa. Avula chipewa! Akuti, "Pepani bambo." Kenaka kwa ine: "Tiyi wanga asamaikidwe pamenepo." Munthu wolephera kupha chiswe lero wayamba kukhazikitsa malamulo.

Ndafunditsapo nsalu yoyera ya patebulo. Ndaichotsanso msanga, pamaoneka ngati pagona munthu.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Chilungamo chake, mwalawu ndi wabwino. Fulawa sakumata, sakutentha, botolo loyalira likungoyenda lokha. Kwa kanthawi ndinali mayi wa ku Area 10.

Kenaka ndatembenuza fulawa woyalayo. Mayo ine! Zonse zadinda, dzina, mtanda, mtendere womwe. Ndadula ndi tambula, ndaponya m'mafuta, ndikuti akatupa zifufutika. Zafufutika pang'ono. Ena atuluka ndi chilembo chathunthu, ena ndi theka la mtanda.

Ndapita nawo kusiteji, fulawa sindingataye. Kondakitala wina akuwatembenuzatembenuza: "Mayi, mwatsegula kampani? Mpaka chidindo!" Ndati idya uzipita.

Zimene ndayesa kutsekera malembo:
kandulo, yamatuka n'kulowa m'fulawa
sopo, mandasi akumveka ngati zochapa
phala la fulawa, lagwira, lauma gwa

Koma tsopano malembo ali mbee pamwala wakuda, akuwerengeka munthu ali kumpanda. Ndathamanga kukagula pulasitiki ya maluwamaluwa, ndayala, ndamanga ndi mphira m'mbali monse.

Mawa kubwera azimayi anayi a kwa Mayi Gondwe kudzathandiza kukazinga, paja za chinkhoswe munthu sagwira yekha. Pulasitiki imeneyi asaikhudze munthu. Woikhudza tionana.

Loweruka

Ndiyambire pati?

Azimayi afika dzuwa likutuluka, Mayi Gondwe patsogolo. Onse a kumpoto, aulemu, moni wake wosatha. Pakati pawo pali mayi wina woonda, wofatsa, mnzawo wa kutchalitchi, akuti NyaKumwenda. Bambo a Tiyamike ndawatuma makala panjinga kuti asanene zopusa. Ntchito ikuyenda, samusa zoyamba zatuluka, Mayi Gondwe alawa, agwedeza mutu. Kantini ndaiona ndi maso angawa!

Madzi atha. Ndathamangira kumpopi wa pakona, kanthawi kochepa. Kumbuyoku pulasitiki yayamba kukwinyika pansi pa botolo, ndiye NyaKumwenda, mayi waukhondo, ati aichotse apukute mwala.

Kulira ndakumva ndili kumpopi. Kulira kwenikweni, kwa maliro. Ndowa ndaisiya komweko.

A Wyson Mhone anali amuna awo.

Ku Biwi kuno mayi akalira chotero anthu safunsa. Azimayi a mzere wonse atulukira, zitenje m'chiuno, ena ayamba kuthandiza kulira asanalowe n'komwe pageti. Azibambo akoka mabenchi. Wina wathyola masamba n'kuika pamsewu. Mayi a Dolika akuuza aliyense kuti dzulo anawaona bambo a Tiyamike akuyenda mofooka. Ndiye akutulukira eni akewo ndi thumba la makala, aona masamba, atsika panjinga mwaulemu, akufunsa, "Watisiya ndani?" Mayi wina wa mzere wakuseri, wosawadziwa nkhope: "Bambo a Tiyamike, dzulo lomweli anali bwinobwino." Amuna anga akhala pansi pomwepo, njinga yagwera uko, makala mbwee mumsewu. Atolera ndi anthu obwera kumaliro awo, theka lokha ndi limene lafika kuno.

Phokoso litazizira NyaKumwenda afotokoza, dzanja lili pamwala. Sanaukane mwalawu. Anauitanitsa okha chaka chatha, napereka theka. Kenaka abale a malemu anabwera ndi lole n'kusesa m'nyumba, mpaka makina awo osokera. Atapita kukapempha wosema uja kuti awadikire, anawauza kuti mwala unasweka. Pamanda pa amuna awo mpaka lero pali kachitsulo kolembedwa ndi penti.

Mayi Gondwe sanakweze mawu, bola akanakweza. "Alendo anga sangadye zokanyira pachiliza." Basi. Fulawa, mafuta, nyama ya samusa, zonse zadutsa pamwamba pa mpanda kupita kwa mayi a Dolika. Fungo la timandasi tawo tomwa mafuta landipeza tsiku lonse ndili m'nyumba mwanga. Za kantini palibe watchulanso.

Masana ndapita kwa wosema ziliza uja, mawu onse ndakonza m'njira. Kotseka. Mwayi wake!

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, ndikudziwa kale ulaliki umene uli panja pake. A Sikelo agumula m'mawa, mwala watuluka wathunthu, zipilala zatsala chiimire. Zija ankati zigwa zija! Akuti, "Ndinanena ine." Ananena chiyani?

NyaKumwenda abwera atatuluka m'mapemphero, ndi kandalama komanga pansonga ya chitenje. Ndati bwezani kumeneko, tengani mwala wanu. Pakamwa pangapa panena zimenezo pasanandifunse. Chipereganyu changa chonse chakwera ngolo yomwe ija, masaka omwe aja.

Ndaperekeza mpaka kumanda, kaya chifukwa chiyani. Augoneka pamanda, kumanga adzamanga akapeza simenti. Malembo akuwala mbee. Mkulu wa mpingo amene anabwera kudzapemphera akuyamikira kuti penti yake ndi yabwino. Fulawa wanga ameneyo.

NyaKumwenda agwada, akusisita dzina lija ndi chala, kenaka anunkhiza chalacho. Akuseka, misozi ili chuchuchu. "Bambowa ankakonda mandasi. Tsiku lililonse ankagula pasiteji ya Biwi, kwa mayi wina wolongolola."

Pasiteji ya Biwi mayi wolongolola alipo mmodzi.

Ndawakumbukira. Aatali, a jekete yabulauni, okonda mandasi opserera m'mbali, osapempha basera. Tsiku lina ndinawakalipira chifukwa chosankha nthawi yaitali, iwo n'kungoseka. Atasiya kubwera ndinkati anayamba kugula kwa mayi a Dolika, ndipo ndinawakwiyira chaka chathunthu. Ndalira pamenepo, ine amene dzulo lonse sindinalire.

Kunyumba ndapeza bambo a Tiyamike agoneka chitseko cha kubafa pazipilala, akundiyang'ana ngati agula galimoto. Pakona imodzi chiswe chayambapo kale. Ndachitsuka ndi madzi otentha, fulawa wa pasiteji ndakanyira pomwepo. Ochepa ndawasiya dala m'mafuta, apserere m'mbali.