Tsiku limene ndinapereka malovu a mbuzi

Galimoto yoyera itaima patchalitchi, ndinaona kuti sanatsitse thumba la ufa ngakhale limodzi. Mtima unati phaa. Tinali titangofolera nyumba pobwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo galimoto yoyera yopanda ufa sindinaionepo.

Anatsika enferemera, ndiye kuti namwino, ndi anyamata onyamula timitengo ta thonje kunsonga. Akuti akupukuta ana m'kamwa, chifukwa m'malovu muli tizizindikiro tobwerezabwereza tosonyeza mtundu wa munthu. Akuti akatisunga m'kompyuta, pamodzi ndi ta anthu a maiko ena, ngakhale ta nyama, kuti ophunzira kulikonse aziona. Aziona mwana wanga ndani? Ine ndinalekera sitandade 4, koma za anamapopa ndinazimva. Lero malovu, mawa magazi.

Ndinathamanga, ana anga Zeka ndi Rozita ndinawakankhira m'nkhokwe, pamwamba dengu. Ndikutuluka, ndinamva make Tomasi, oyandikana nawo nyumba (pakamwa ngati wailesi, mpaka lero sitibwerekana mchere), akulozera alendowo: "Umu muli awiri, onenepa bwino."

"Amayi, ana ali kuti?" anafunsa enferemera.

"Amaopa alendo. Ndipatseni, ndikawapukute ndekha."

Anandipatsa tiwiri. Kuseri ndinagwira mbuzi yathu, khosi pakati pa miyendo yanga. Kamtengo koyamba inatafuna n'kumeza. Kachiwiri ndikulimbana nako, inandiluma chala, n'kukuwa ngati ndikuizinga. Chitenje chinamasuka. Potukula mutu, enferemera ali chilili, kumbuyo kwake theka la mudzi.

"Uyu ndi Zeka kapena Rozita?" anafunsa make Tomasi.

Anthu anaseka mpaka kukhala pansi. M'nkhokwe namo Zeka anayamba kuseka, chitsiru cha mwana.

"Amayi, za mbuzi tili nazo kale," anatero enferemera, akupukuta misozi. "Si zokakamiza izi. Mukanangokana."

Apa mpamene ndinapsa mtima zenizeni. Kukana? Kumsasa tinaphunzira kuti wa galimoto yoyera sum'kanira, ukakana ana agona ndi njala. Bwanji sanayambe ndi mawu amenewo patchalitchi paja?

Pano kumsika wa Milange amanditchula make Mbuzi, ngakhale ana a sukulu. Ndaphunzira kuti kukana kumaloledwa, inde. Komabe tsiku lija atangochoka, Rozita ndinam'bereka, Zeka padzanja, chala chikuchucha, tinaoloka mtsinje kupita ku Malawi kwa achemwali anga ku Muloza, ndipo sitinabwerere mpaka ndinamva kuti galimoto ija yapitirira ku Molumbo.