Tsiku limene ndinapita kusikelo ya amayi apakati

Anzanga, munthu ukamadzitama kwambiri Mulungu amangokuyang'ana, akudziwa tsiku lako. Ine kwathu ku Mavwere ndimadziwika kuti jakisoni sanandilowepo chibadwire, mwakuti ndimauza anthu kuti udzudzu ukandiluma umathyoka mlomo. Ndiye mkulu wanga Yobu anayamba kudwala, maso chikasu ngati dzungu, kuchipatala anamupeza ndi matenda a chiwindi aja akuti hepataitisi B. Adokotala anati tonse apabanja tikayezetse magazi, amene alibe akabayitse katemera.

Koma ndikayezetse pachipatala chathu pomwe aliyense amandidziwa? Ine? Ndinauza mkazi wanga Estere kuti ndikukafuna mbewu ya mtedza, ndinasolola kabuku kakuchipatala mu jumbo yomwe timasungira, n'kupalasa njinga mpaka chipatala china cha mbali ya ku Guilleme uko, komwe ndimati ngakhale galu sandidziwa.

Mukudziwa mmene timachitira pachipatala, munthu suima pamzere, umaika buku pansi n'kulipsinja ndi mwala. Ndinapeza mizere iwiri ya mabuku pakhonde. Kufunsa ndiye ayi, munthu wobisala amafunsa? Ndinangosankha mzere waufupi, mwala pamwamba, n'kukhala pabenchi chipewa chili m'maso.

Posakhalitsa azimayi anadzaza benchi yonse, aliyense mimba kutsogolo. Ine mumtima ndinati, kalanga ine, chiwindichi chatupitsa anthu chonchi? Ndinagwira yanga kuti ndimve ngati yayamba. Kenaka anayambitsa nyimbo, m'manja wawawa, ine n'kumaomba nawo, besi n'kuikapo, poganiza kuti ndi mwambo wa odwala chiwindi.

Anamwino atatuluka anandiloza. “Amayi, taonani bambo wachitsanzo! Amuna anu ali kubawo, awa aperekeza akazi awo kusikelo. Aombereni m'manja!”

Nthungululu zinalira. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndakhala pamzere wa amayi apakati. Munthu wanzeru akanapepesa n'kuchoka, koma ine kutamandidwa ndimakukonda, ndinaimirira n'kugwedeza dzanja ngati phungu.

“Obwera ndi amuna awo timayamba nawo,” anatero anamwino. “Buku la mayi ndi liti?”

Ndinati ndiloze langa lija kuti ndifotokoze bwino tikalowa mkati. Analitola, kutsegula, n'kukuwa, “Estere Phiri!”

Mayo ine! Ndinatembenuka uku ndi uku, ndimvekere mkazi uja wanditsatira. Zii. Ndiye ndinakumbukira kuti mabuku athu onse tinawakutira ndi kalendala imodzi ya kutchalitchi. Ndinali nditatenga la mkazi wanga!

“Mayiwo ali kuti, bambo?”

“Ali... akubwera pambuyo, miyendo yatupa.”

Pamenepo kumapeto kwa benchi kunamveka mawu omwe ndimawadziwa ngati belu la njinga yanga. “Alamu! Estere wake uti wotupa miyendo? Si uja ndalankhula naye pafoni m'mawa uno akusenda chinangwa?”

Anali Nabanda, msuweni wa mkazi wanga, yemwe ndinaiwaliratu kuti anakwatiwa dera limenelo. Anadzuka, dzanja pamsana, n'kubwera kudzandisisita pamimba. “Kapena ndi yanu, alamu? Miyezi ingati? Ikugunda?”

Azimayi anaseka mpaka wina anapempha madzi. Panalibenso kothawira, ndinaulula zonse pamaso pa gulu lonselo, za Yobu, za chiwindi, za katemera. Anamwino akupukuta misozi anati, “Bambo, zimenezo si zamanyazi, mukanangofunsa. Khomo lachiwirilo, akakutengani magazi. Akapanda kukupezani ndi matendawo akuuzani kokabayitsa katemera, ndipo ndi maulendo atatu. Mukapezeka nawo, chithandizo chilipo ngati chomwe akulandira achimwene anu.”

Kasingano kake kakang'ono ngati munga wa therere, koma ndinakuwa dzina la malemu amayi anga, Nabanda akumvetsera pawindo. Mwamwayi magazi anapezeka bwinobwino.

Pobwerera ndinkapalasa ndikukonza bodza loti mbewu yatha pamsika. Ndikufika pakhomo, ndinapeza Estere wayala mphasa pamthunzi, azimayi anzake asanu akhala phee, foni ili pamwendo. Anathamanga kudzandilandira njinga, mwaulemu wake wonse, mpaka kugwada.

“Tsikani pang'onopang'ono, bambo, mungadzipweteke. Kusikelo akuti tiyembekezere mwezi uti?”

Katemera ndinakabayitsa konse katatu, Estere ali pambali kundigwira dzanja, mudzi wonse ukudziwa tsiku ndi ola. Ndipo ndalumbira, anzanga, benchi iliyonse yomwe anthu ake akuimba nyimbo, ndiziyamba ndafunsa kuti akuimbira chiyani ndisanaikepo besi.