Ulemu wa M'tsekera

Masiku ano ku Mvano ndimaimba kumbuyo, mzere wa ovomera. Ndimavomera bwino ndithu, mawu alipo, chifuwa chilipo, mpweya ndiye wosachita kubwereka. Koma ondidziwa amafunsa kuti kodi agogo, si inu munkayambitsa nyimbo? Ndine, ana anga, ndine ndithu. Ndinkayambitsa ine, ndinkakweza ine, ndinkatsitsa ine. Chinandichotsa kutsogolo si ukalamba, si miseche, si akulu a mpingo. Ndi udzu. Udzu ndi ulemu.

Ine ndili ndi nthenda yanga ya pachaka, yokhulupirika kuposa abale. Mvula ikamatsazika, udzu wa tsekera ukamasula timaluwa take tija, mphepo n'kumaupeta uku ndi uku, basi mphuno yanga yatsegula msonkhano. Kuyetsemula m'mawa, kuyetsemula masana, maso psuu, kukhosi ngati ndameza chitedze. Zaka zambiri tinkanamizira fodya, poti nthawi yake ndi yomweyo yosankha masamba m'chigafa. Malemu amuna anga anandiletsa kulowamo, ine osatsutsa (ndani amatsutsa akamuletsa ntchito?). Anzanga akusankha fodya, ine ndili pakhonde, kuyetsemula mwaufulu.

Anadzaulula ndi adokotala ena achinyamata kuchipatala. Anati fodya alibe mlandu, wolakwa ndi mungu, kafumbi kosaoneka kamene kamauluka udzu ukamasula. Anati ndizisamba kumaso ndikachoka panja, zovala ndisamayanike pa udzu, mawindo ndizitseka. Anandipatsanso timapiritsi tating'ono ngati mapira, kamodzi kokha pogona, chifukwa timakoka tulo. Pomaliza anati, “Koma chachikulu, agogo, muzipewa udzu.” Ndinasuzumira pawindo. Kuyambira pakhonde la chipatala mpaka kumene thambo limathera, udzu wokhawokha. Ndinawathokoza.

Tsopano mumve za apongozi anga, bambo ake a Chisomo, amene anakwatira mwana wanga Esinati. Kwawo ndi ku Phalombe. Kuno anabwera ndi utenanti pa esiteti ina cha ku Santhe, n'kuona Esinati, n'kuiwala njira yobwerera. Munthu wabwino, wolimba pa ntchito, mowa salawa. Koma chaka choyamba, titakumana panjira, anaima chilili, n'kundiyang'ana m'maso, n'kutambasula dzanja ngati ndine mnzawo wa pa bawo. Ine ndinakadandaula kwa ankhoswe. Kuno mkamwini akakumana ndi apongozi ake amapatuka, apongoziwo nawonso amapatuka, wina uku wina uko, kufulatirana, moni n'kumaponyerana ngati pakati pali mtsinje. Ankhoswe anawalangiza, iwo analipa nkhuku, nkhukuyo ndinadya ine (inali yonona, zoona zinenedwe). Kuyambira pamenepo bambo aja anaugwira mwambo ndi manja awiri, moti Achewa enieni amachita kuima kuti aphunzireko.

Chaka chatha, Pasaka atangodutsa, mpingo wathu unkalandira abusa atsopano. Ku Mvano wathu kuli lamulo losalembedwa: mayi amene wayambitsa nyimbo yolandira abusa, ndiye aziyambitsa nyimbo zonse mpaka abusawo adzasamuke. Abusa angapo ndinawalandira ine, ndinawaperekeza ine. Ndipo nthawi yonseyo pambali panga pankakhala Nachisale. Ndi mnzanga, timabwerekana mchere, maliro timagona pa mphasa imodzi. Koma ndikangotsokomola pakati pa nyimbo, ndinkamumva akukonza kukhosi.

Nyimbo ndinapeka ndekha, ndinaphunzitsa amayi ndekha:

Lowani mbusa, lowani, khomo tatsegula,
nkhosa zaona ndodo, zaleka kubalalika.

Ndipo ndinadzisamala, ana anga, ndinadzisamala ngati dzira. Sabata yonse m'nyumba, mawindo otseka. Bulauzi yoyera ndi duku ndinaziyanika kuchipinda. Tsikulo ndinapaka mafuta m'mphuno, ndinavala masiki yotsala nthawi ya korona, timapiritsi ndinamanga pansonga ya chitenje. Njira yachidule yodutsa kudambo ndinaikana, ndinatenga msewu wa ngolo, n'kumayenda pakatikati penipeni. Tsekera kumanja, tsekera kumanzere, wandipitirira msinkhu, akundigwedezera mitu. Ine osamuyankha. Ndikuyenda, ndikung'ung'udza, lowani mbusa, lowani.

Kenaka kumbuyo kwanga, gwede gwede gwede. Ngolo. Ndinacheuka pang'ono: ng'ombe ndi zathu, woyendetsa ndi bambo ake a Chisomo, katundu ndi udzu wauwisi womweta m'mawa womwewo, wokamalizira chisakasa cha alendo kutchalitchi.

Anaimitsa ng'ombe. Anavula chipewa. Analowa m'tsekera wa kumanzere mpaka kuzimiririka.

Tsono ine ndikanatani? Ndiime pamsewu ngati mtengo, ine amene ndinadya nkhuku ija? Ndinalowa m'tsekera wa kumanja, ndinagwada, udzu unanditsekera pamwamba ngati denga.

Kutsidya kunamveka m'manja, phu phu phu. “Mwadzuka bwanji, amayi?”

Ndinayankha, koma masiki inameza mawu. Anadikira, n'kuombanso m'manja, n'kufunsanso. Ndinayankhanso. Anafunsanso kachitatu, mwaulemu womwewo, ndipo ndinadziwa kuti munthu ameneyu akhoza kufunsa mpaka chimanga chiume. Ndinavula masiki.

Muyenera kudziwa kuti bambo ake a Chisomo amakhala pamudzi panga pomwe, nyumba yawo ndi yanga zimamverana kutsokomola. Koma moni wa panjira ndi wa panjira. Anafunsa za tulo. Anafunsa za bondo langa. Anafunsa za mbuzi, zimene anazitsegulira okha m'mawa umenewo. Nanenso ndinayenera kubweza, ndifunse za amayi awo ku Phalombe, za amalume awo, za mvula ya kumeneko. Tili pa amalume, mphuno inayamba kuyabwa. Ndinaitsina. Ndinaluma mlomo. Ndinapemphera kapemphero kakafupi. Etsiii!

“Pepani, amayi.”

Etsiii!

“Pepani ndithu, amayi.”

Anadikira kuti ndimalize, ndipo nditamaliza anaona kuti moni wasokonekera, si bwino kuulumikiza pakati. Anayambiranso pa tulo.

Moni utatha panabuka nkhani ina: atuluke ndani poyamba? Iwo ankadikira kuti wamkulu adutse. Ine ndinkadikira kuti mphuno iphwe, chifukwa mkamwini sangaone apongozi ake ali mamina chuchuchu, duku itapendekeka. Iwo chete, ine etsi, iwo pepani, ine etsi. Ng'ombe zinaona kuti anthuwa nkhani yawo ndi yaitali, zinayamba kudya.

Potuluka m'menemo maso anali atatupa, msewu ndikuuona ngati uli pansi pa madzi. Dzuwa linali litakwera. Apongozi, ali chifulatire, analankhula kuuza ng'ombe kuti ngolo ikupita komweko kutchalitchi, ndipo zingakhale zamanyazi kuti iwo afike pa ngolo, amayi afike wapansi. Ndinaganiza za bondo. Ndinaganiza za mtunda. Ndinaganiza za Nachisale akukonza kukhosi. Ndinakwera (musafunse kuti ndinakwera bwanji, palibe anaona, ndipo apa mwambo unandithandiza).

Ndiye ndi uyo mayi wouzidwa kuti azipewa udzu, wakhala pamwamba pa mulu wa udzu, bulauzi yoyera mbee, ngati nkhuku yofungatira. Ngolo ikagunda dzenje, kafumbi kachikasu fuu, m'mphuno. Ndinamasula nsonga ya chitenje. Adokotala anati kamodzi, koma adokotala sankadziwa za ngolo. Ndinawerenga motere: kamodzi ka mphuno, kamodzi ka maso, kamodzi ka nyimbo. Ndinameza ndi malovu.

Ndipo tinagwira ntchito, timapiritsi tija, ndisatinamizire. Kuyetsemula kunayamba kutalikirana. Ngolo gwede, gwede. Kadzuwa kofunda pamsana. Udzu wofewa kuposa matiresi anga. Ndinati nditsamire pang'ono kuti ndisunge mawu.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa, ndipo ondiuza ndi ambiri.

Akuti titafika, apongozi anaimitsa ngolo kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Anauza ng'ombe kuti tafika. Anatsokomola. Anaomba m'manja. Pamwamba pa udzu pankangochokera mkonono. Kundigwedeza sakanatha, kundiyang'ana sakanatha, kukuwa dzina langa ndiye mlandu wa mbuzi. Kunabwera madoda omanga chisakasa kuti atsitse udzu, iwo n'kuwauza motsitsa mawu kuti katunduyu satsitsika, pali apongozi. Madoda aja, poti aliyense ali ndi apongozi ake, anavula zipewa n'kubwerera chamsana. Mbali imodzi ya chisakasa inatsala yosafolera, ndipo akulu a mpingo anakhala padzuwa tsiku lonse.

Kenaka bambo ake a Chisomo anaganiza mwanzeru: nkhani ya mzimayi imafuna mzimayi. Anapita pakhomo la tchalitchi kukaitana mayi wa Mvano aliyense amene angamupeze. Amayi onse anali m'kati kundidikira. Mmodzi yekha ndiye anaima pakhomo, maso ali kumsewu, kuona ngati ndikubwera.

Nachisale anafika, anaponda pa tayala, anasuzumira. Akuti anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yachisoni.

“Ayi, bambo, asiyeni apume. Munthu wamkulu ameneyu, watopa. Kudzutsa wodwala n'kulakwa.”

Anavula chitenje chake chapamwamba n'kundifunditsa bwinobwino mpaka m'mapazi. Anawalangizanso apongozi kuti asalole ana kusewera pafupi, angandisokoneze. Ndipo iwo anaima pamenepo ndi chikwapu cha ng'ombe, msana kwa ine, nkhope kudziko, moti ngakhale nkhuku sinadutse.

Ine kutuloko ndinamva nyimbo. Lowani mbusa, lowani. Ndinati basi ndafika kumwamba, ndipo nyimbo yanga yanditsogolera. Ndinasangalala. Koma ndinamvetsera bwino, ndinati ayi, angelo sangayambire pansi chonchi, pofika pa “kubalalika” adzasowa pokwerera. Amene amayambira pansi chonchi ndi munthu mmodzi yekha m'dziko muno.

Ndinatsika pa ngolo ngati thumba la feteleza. Ndinalowa m'chisakasa, mmene onse anali atasonkhana tsopano, nyimbo ili pakati: diso limodzi lotseka, lina lotsegula theka, timaluwa ta tsekera m'duku, bulauzi yobiriwira mbali imodzi, chitenje cha Nachisale chikukwekwereza kumbuyo. Amayi anandipatsa njira. Ndinafika kutsogolo, ndinakoka mpweya kuti ndiilande nyimbo yanga pa ndime yachiwiri. Pamwamba panga, denga la udzu wauwisi. Chimene chinatuluka si ndime.

Abusa atsopano ndi munthu wa chifundo. Poyankhula anati ayenda mipingo yambiri, koma sanaone chikondi chotere, choti ngakhale odwala achita kunyamulidwa pa ngolo kuti adzawalandire. Anandiitana, anandisanjika manja, anandipempherera kuti nthenda yotupitsa nkhope ichoke. Mpingo wonse unati amen. Amen wa Nachisale anamveka mpaka kumsewu.

Chitenje chake ndinachapa, ndinasita, ndinakamubwezera. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, n'kundifunsa ngati ndinagona bwino. Ndinati ndinagona bwino, zikomo pondifunditsa. Anati n'zochepa, ndi ntchito ya Mvano kusamala odwala. Tinamwa tiyi.

Madzulo ake ndinaitana Esinati. Ndinamutuma akauze amuna ake kuti kuyambira Malichi mpaka udzu uume, tikakumana panjira azingodutsa, ine ndakhululuka, moni tidzapatsana kunyumba. Anabwera ndi yankho lakuti iwo amva, athokoza, koma sangathe, anthu angati ku Phalombe salera bwino ana. M'malo mwake m'mawa mwake anatenga chikwakwa n'kumweta tsekera mbali zonse za msewu, kuyambira pakhomo panga mpaka kumphambano, kuti amayi azipeza popatukira poyera. Mitolo yake, poti udzu wabwino sutayidwa, anadzaiimika mwaulemu kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa windo la kuchipinda.

Timapiritsi tsopano ndimamwa kamodzi, pogona, pa bedi. Ku Mvano ndimavomera, Nachisale amayambitsa, amayambira pansi, ine kumbuyo ndimakankha kuti tikwere. Abusa athuwa ndimawakonda, amalalika bwino, ana awo ndi aulemu. Sindiwafunira choipa chilichonse. Ndimangowapempherera kuti Ambuye awakweze, awapatse mpingo waukulu wa m'tauni, wa magetsi ndi madzi a m'mipope. Ndipo owalowa m'malo adzabwere mu Okutobala, tchire lonse litapsa. Nyimbo yake ndapeka kale, ndipo sindinaphunzitse munthu.